Kamba wa Alamu

4 Malichi

Okondedwa amake mapasa,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino, inu ndi ana ndi apongozi. Ine kuno ndili bwino, kungoti miyendo imatupa madzulo chifukwa choima tsiku lonse. Achimwene anu alipo, ali ndi kachifuwa pang'ono.

Mudabwa kuona kalata pomwe tinayankhulana pa foni Lamulungu lapitali. Vuto ndi loti chipinda chathu ndi chimodzi, ndipo alamu amamva ngakhale atafunda kumutu. Kwanuko nakonso foni mumaikweza mawu kuti apongozi amve nawo. Ndiye zina ndizilemba, adalaivala a lole azikupatsirani. Muziwerenga muli nokha.

Ndalama ndapatsira adalaivala omwewo. Mugulire mapasa nsapato, zokulirapo, poti mapazi a ana sadikira. Yotsala mugule malata awiri a pakhitchini paja pakudontha. Mbuzi yaikazi ija musagulitse, ngakhale wina abwere ndi mawu okoma.

Munafunsa kuti kodi ntchito yanga ndi yotani kwenikweni. Timakhala kuseri kwa msika waukulu womwe alendo ochokera kutali amakonda kudzaona. Tinjira take n'topanikiza, mbali iyi ogulitsa mikanda ndi zipewa, mbali iyo malesitilanti okhaokha, khomo ndi khomo. Ine ndimaima pakhomo pa lesitilanti imodzi nditavala kajekete kofiira kopanda manja, m'manja muli chikwangwani cha zithunzi za chakudya. Mlendo akamadutsa ndimamwetulira n'kunena kuti lowani, muno muli chakudya chokoma. Ndanena mawu amenewa zaka ziwiri, koma chakudyacho sindinachilaweko. Mbale imodzi mtengo wake ndi wa nkhuku ziwiri kwathu. Alendowo amayamba achijambula pa foni, achitembenuza uku ndi uku, chikazizira ndiye n'kudyako theka.

Masiku onsewa ine ndinkadya zomwe alamu ankabwera nazo kuchokera kukhitchini komwe amagwira ntchito, chakudya cha antchito. Tsopano alamu ayamba apumako pang'ono kuntchitoko, ndiye wosaka chakudya ndine. M'chipinda salola kuphika chipsereni nyumba yoyandikana nafe chaka chatha. Ndiye ndikungoyenda ndi bakuli mumsika wodzaza fungo la nyama, osadziwa pogula. Mukaganiza n'zoseketsa. Ine sizikundiseketsa.

Za kachifuwa musawauze apongozi, n'kanthu kakang'ono.

Ndine wanu,
Bambo a mapasa


15 Malichi

Amake mapasa,

Moni nonse kumeneko. Ndamva kuti wamkulu wa mapasa anatentha thupi. Kodi munapita naye kuchipatala, kapena munangomugulira mapiritsi pagolosale? Mundiyankhe zoona. Ine ndili bwino. Alamu ali choncho.

Nkhani ya chakudya yandizunguza mutu. Ndinaganiza kuti pomwe pali mzere wautali wa alendo ndiye pali zokoma, poti anthu ochuluka chotero sangalakwe onse. Ndinaima pamzerewo theka la ola n'kugula nkhuku yokazinga, kachidutswa kochepa ngati chikhatho cha mwana. Nditafika nayo, alamu anangotsegula bakuli, kununkhiza, n'kutseka.

"Iyi yachokera pakhomo lobiriwira lija, pafupi ndi wa zipewa," anatero. "Ndinagwirapo miyezi inayi. Mafuta awo amasintha mwezi ukaoneka."

Mawa lake ndinagula nsomba kwina. Anati imeneyo ndi ya sabata yatha, aisambitsa ndi mandimu kuti isadziwike. Tsiku lachitatu ndinagula nyemba. Anati wophika pamenepo amalawa ndi chipande n'kuchibwezera mumphika, ndipo mano ake sanaonepo mswachi. Amake mapasa, achimwene anu agwira ntchito pafupifupi m'makhitchini onse a msika uno, zaka khumi ndi chimodzi. Khomo lililonse ali nalo mlandu. Ndikawachonderera amandiseka, amati, "A Nangatitani, idyani ndinu, mimba yanu sinaone zomwe maso anga anaona." Dzina limeneli anandipatsa ndi iwo, akuti nkhani zanga zonse zimathera pa nanga titani.

Ndinagula kasitovu ka palafini mobisa, ndinatseka zenera n'kuphika mpunga. Alamu anauyang'ana n'kufunsa kuti, "Alamu, mpungawu mwauphika kapena mwaukwiyitsa?" Tisanathe n'komwe kukangana, mayi eni nyumba anagogoda, akuti fungo lafika mpaka pamakwerero. Kasitovu analanda. Anati tikadzachitanso tidzagona panja.

Lachinayi tinapita kuchipatala chaching'ono cha pafupi pano. Anawapatsa mankhwala oti amwe miyezi isanu ndi umodzi, tsiku lililonse osadumphitsa. Anamwino anati mankhwalawa amagwira ntchito mwa munthu amene akudya. Pano alamu akungomwa tiyi ndi kachidutswa ka buledi, ndipo nthawi zina kabulediko ndimakapeza pansi pa pilo. Lamba wawo ndaboola bowo lina ndi msomali.

Mwati nkhuku zayamba kufa kwa aneba. Zathu muzitsekere, ana asamapite kukatola nthenga kumeneko.

Wanu,
Bambo a mapasa


29 Malichi

Amake mapasa okondedwa,

Kalata yanu ndalandira, ndaiwerenga katatu. Ndathokoza kumva kuti mwana wachira ndipo apongozi ali bwino. Ine thupi lili bwino, mtima ndiye ayi.

Mwakwiya, ndipo muli ndi chifukwa. Adalaivala sanalakwe kukuuzani zomwe anaona ndi maso awo. Inde, alamu sanapume mwa kufuna kwawo, anawachotsa ntchito chifukwa chokhosomola pafupi ndi mapoto. Inde aonda, ndipo pokwera makwerero amaima kawiri. Sindinakunamizeni, ndinangochepetsa. Mwalemba kuti mlongo wanu ndi mmodzi yekhayo, ndipo akafera m'manja mwanga ine ndikubisa simudzandikhululukira. Mawu amenewo ndikuyenda nawo. Sindinaiwale kuti anandibweretsa kuno ndi iwo, kajekete kofiira aka anandipezera ndi iwo, ndipo miyezi itatu yoyamba ndinkafunda bulangete lawo.

Anamwino anawakweza pa sikelo n'kupukusa mutu. Akuti Epulo akatha sikelo isanakwere, awatumiza kukagona kuchipatala chachikulu. Kumeneko amafunsa mapepala ambiri. Za mapepala a alamu tidzakamba ndikadzabwera.

Ndiye zonse zatsamira pa kudya. Ndafunsa aliyense. Mlonda wa pageti ananditumiza kwa mlamu wake. Woyendetsa takisi ananditumiza kwa mkazi wake wachiwiri. Wogulitsa mikanda anati ndigule zipatso, ndinagula, alamu anayamwa lalanje limodzi n'kunena kuti mkamwa mukuwawa. Aliyense kuno amakokera kwake. Ine ndingadandaule bwanji, poti nanenso ndimadyera bodza lomwelo? Dzana mlendo wina wachikulire anaima n'kundifunsa kuti, "Nanga iweyo umadya kuti?" Ndinaloza khomo la abwana anga, poti abwanawo anali pawindo. Analowa. Potuluka sanandiyang'ane.

Dzulo ndinawafunsa alamu kuti mtima wawo ukufuna chiyani, anene, ndikachifuna ngakhale kumapeto kwa mzinda. Anati, "Chakudya chophikidwa ndi munthu amene nayenso adyako." Nanga chimenecho amagulitsa pati?

Apongozi muwauze kuti mwana wawo akumwa mankhwala ndipo ali ndi womuyang'anira. Zambiri ayi, mtima wawo uja mukuudziwa. Mwezi uno ndatumiza zochepa, malata ayambe adikira. Mvula ikabwera muziika beseni.

Mundikhululukire,
Bambo a mapasa


9 Epulo

Amake mapasa,

Ndikupatsani moni pamodzi ndi ana. Ndili bwino. Alamu sanasinthe, koma sanaipirepo.

Pali kanthu, koma sindikufuna kukondwa msanga. Kukhomo lakuseri kwa lesitilanti yathu kumabwera mayi wina m'mawa uliwonse ndi ngolo ya zidebe. Amatola zotsala m'mbale za alendo n'kukadyetsa nkhumba zake kunja kwa mzinda. Ndi mayi wamfupi, wa mawu aakulu, amavala majombo a amuna. Lachiwiri ndinamuthandiza kunyamula chidebe, chinali cholemera koopsa.

"Abwana ako ndi abale anga," anatero. "Nkhumba zanga zanenepa ndi khomo lino."

Chiyankhulo cha kuno ndimachimva, koma poyankha ndimapunthwa. Ndinayesetsa kumufunsa kuti, poti iye amafika kuseri kwa makhitchini onse, kodi chakudya chabwino chili pati?

"Ine zokoma sindizidziwa, ndimadziwa zotsala," anatero. "Koma pali khomo limodzi pomwe sindiimika ngolo. Zaka zisanu ndi ziwiri sindinatolepo ngakhale fupa. Odya pamenepo amapukuta mbale ndi chala."

Anandilongosolera njira. Udutse ogulitsa mikanda onse, ukhote pomwe amatsitsira mabokosi a nsomba, ulowe kanjira konyowa kuseri kwa mafiriji. Palibe chikwangwani, palibe mpando. Pali mkulu wina amene amaphika mphika umodzi patsiku, wa anthu otumbula nsomba ndi okoka ngolo. Anati ndipite ndi bakuli langa, ndilawirire, ndipo ndivule chofiirachi.

Lachitatu ndinasochera, ndinatulukira kwa osoka nsapato. Lachinayi ndinapapeza, koma mphika unali wotsukatsuka, atauvundika kale. Lero ndinafika nthawi yabwino. Panali anthu ngati khumi ndi asanu, akudya choimirira, aliyense nkhope m'mbale, osayankhulana. Fungo lake, amake mapasa, malovu anadzaza mkamwa. Koma kajekete ndinali nditavalira mkati mwa juzi poopa kuchedwa kuntchito, ndipo kanasuzumira pakhosi. Mkuluyo anakaona. Ndi munthu wamtali, wosaseka, chala chimodzi n'choduka. Anandiloza ndi chipande.

"Iwe ndiwe woitanira alendo. Lero wabwera wekha, mawa ubwera ndi anthu ojambula. Pita."

Ndinabwerera ndi bakuli lopanda kanthu. Alamu sindinawauze. Mawa ndipitanso. Nanga akandikumbukira nkhope? Nanga alamu akanunkhiza n'kunena kuti uyunso amamudziwa? Masiku a Epulo akutha.

Mwati chitseko cha khola chathyoka. Aitaneni akalipentala a pafupi ndi chigayo, koma mugwirizane mtengo asanagwire hamala.

Ndine,
Bambo a mapasa


12 Epulo

Amake mapasa,

Moni, ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine ndili bwino. Ndikulemba mothamanga poti lole inyamuka masana ano.

Alamu adya.

Loweruka ndinapita nditavala malaya a kutchalitchi, kajekete ndinakasungitsa kwa mlonda. Mkulu uja anandizindikirabe. Asanatukule chipande ndinatulutsa kapepala ka kuchipatala ndi paketi ya mankhwala n'kuika patebulo pake. Ndinati si za ine, n'za mlamu wanga, watha mwezi ndi theka osadya. Anawayang'anitsitsa mankhwalawo. Zikuoneka kuti amawadziwa.

"Mlamu wakoyo amagwira ntchito yanji?" anafunsa.

Ndinati ndi wophika.

"Ophika ndi odwala ovuta," anatero.

Anatenga bakuli n'kulitsuka yekha ndi madzi otentha, ngakhale ndinali nditatsuka kale. Chakudya chake ndi msuzi wa mitu ya nsomba za m'mawa womwewo, muli anyezi ndi mpunga wofewa. Minga yonse anaichotsa. Atandipatsa anaomolanso mbale ina mumphika womwewo n'kuyamba kudya iye mwini, ali chiimire pakati pa makasitomala ake. Mtengo wake sufika ngakhale wa botolo la madzi kwa abwana anga.

Ndinathamanga nalo nditalikulunga m'juzi kuti lisazizire. Alamu anatsegula, ananunkhiza, ananunkhizanso. Kenako anati, "Uyu sindikumudziwa." Anapempha supuni. Anadya masupuni anayi, ndinkawerenga. Dzulo anadya asanu ndi anayi. Lero afika pakati pa bakuli, ndipo anena kuti mchere wachepa.

Kuntchito ndachedwa kawiri. Abwana akuti kachitatu kajekete apatsa wina, ofuna ntchito ndi ambiri. Ndiye kuchipatala alamu azipita okha tsopano, ndi pafupi. Sizikundisangalatsa, poti iwo zomwe anamwino anena sandiuza zonse. Nanga titani.

Auzeni apongozi kuti mwana wawo wadandaula za mchere. Amva tanthauzo lake.

Wanu,
Bambo a mapasa


27 Epulo

Amake mapasa,

Ndikhulupirira muli bwino ndi ana. Ine sindili bwino, ngakhale palibe pomwe pakuwawa. Kalata iyi muwerenge mutakhala pansi.

Alamu akudya kwambiri. Mumva ngati nkhani yabwino, inenso poyamba ndinkatero. Bakuli lonse amamaliza n'kupukuta ndi buledi, kenako amafunsa ngati kulibe kena. Koma mverani zina. Lachisanu anameta ndevu. Loweruka anachapa zovala zawo zonse n'kuzipinda bwinobwino m'chikwama. Lamulungu anatenga mpeni wawo wa kukhitchini, womwe salola munthu kuukhudza, n'kundipatsa, amvekere, "Sungani, ine komwe ndikupita sindikaufuna." Atatero anati, "Alamu, mukamuuze mkulu wanu uja ayambe kuganiza za kamba wanga. Ulendo wayandikira, ndipo ndi wautali."

Amake mapasa, inu simunawaone bambo anga. Anadwala miyezi isanu osadya. Tsiku lina anadzuka, anapempha madzi osamba, anadya mbale ziwiri, anaseka nafe, anagawa makasu awo. Tonse tinati achira. Azakhali okha ndi amene anatuluka kukalira kuseri kwa nyumba, anati wodwala akadya chotero ndiye kuti akulongedza kamba. Patapita masiku awiri tinawaika m'manda. Ine ndinali ndi zaka khumi, ndipo chaka chomwecho ndinasiya sukulu.

Sindinathe kuwafunsa alamu kanthu. Munthu ungamufunse bwanji zotero? Ndimangoyang'ana chifuwa chawo ngati chikukwera ndi kutsika. Iwo alibe nazo ntchito, akuimba mluzu.

Ndachita kanthu kena, kaya ndalakwa. Ndaganiza kuti ngati akulongedza kamba, ine ndisawathandize kulongedza msanga. Ndiye kuyambira dzulo ndikubweretsa theka la bakuli. Theka linalo ndikuthira m'chidebe cha mayi wa nkhumba, poti ine sindingadye chomwe ndawamana. Mayiyo ananunkhiza n'kundiyang'ana ngati ndapha munthu. Alamu akuti, "Kodi a Nangatitani mwayamba kudyera m'njira?" Ndinangoti mkulu uja wachepetsa chipande.

Muyambe kuwakonza mtima apongozi pang'onopang'ono. Muwauze amalume anu. Mbuzi ija mukapeza wogula gulitsani, kunyamula munthu kuchokera kuno si masewera. Ndinalonjeza kuti sindidzabisanso, ndiye ndanena.

Mutipempherere,
Bambo a mapasa


30 Epulo

Amake mapasa,

Moni. Tili bwino, ndikubwereza, tonse awiri tili bwino. Ndakuimbirani kale koma foni inkadukaduka, ndiye ndikulembanso kuti pasakhale chokayikitsa. Kalata ya pa 27 ikafika muiotche osawerenga. Ngati mwawerenga kale, pepani. Mbuzi musagulitse. Amalume musawauze kanthu.

Dzulo m'mawa ndikutuluka ndi bakuli ndinamva mapazi kumbuyo. Alamu, atavala jekete, akuti akufuna akamuone ndi maso awo munthu amene wayamba kuwamana. Ndinawaletsa, sanamve. Anayenda njira yonse, anapuma kamodzi kokha pa ogulitsa mikanda.

Titafika anakaima kutsogolo kwa mphika, otumbula nsomba n'kupatuka. Iwo chiyankhulo cha kuno amachiyankhula ngati chawo.

"Ndinu amene mwachepetsa chipande?" anafunsa alamu.

"Ine bakuli ilo ndimalidzaza mpaka chivundikiro kukana kutseka," anatero mkulu uja.

Onse awiri anatembenukira kwa ine. Anthu analeka kutafuna. Ndinanena zonse m'chiyankhulo chathu, za mpeni, za zovala, za bambo anga, za kamba. Ndinalira pamaso pa anthu, ine bambo wa ana awiri.

Alamu anandiyang'ana kukamwa kuli yasa. Kenako anayamba kuseka mpaka chifuwa chinawagwira, anachita kukhala pa bokosi la nsomba.

"Ulendo wa pa basi, a Nangatitani," anatero. "Wa pa basi. Ndikupita kwa amayi."

Anatulutsa pepala m'thumba. Sikelo inakwera sabata yatha, ndipo anamwino anawalembera kalata yoti akapitirize mankhwala kuchipatala cha kwathu. Akuti anandiuza tsiku lomwelo, koma ine ndinali kalikiliki kuyang'ana pawindo ngati kukubwera mvula, sindinamve. Mpeni anandipatsa poti pamalire amalanda.

"Ndiye mumati mundipulumutse pondipha ndi njala?" anatero. "Mlongo wanga anakwatiwa ndi dokotala."

Anamasulira nkhani yonse kwa anthu aja, osasiyako kanthu. Otumbula nsomba anaseka mpaka wina anadzitayira msuzi pa jombo. Mkulu uja sanaseke. Anangofunsa kuti theka linalo linkapita kuti. Nditanena za nkhumba anati kuyambira tsopano ndizidyera pomwepo iye akuona, mbale yathunthu, ndipo aziyang'ana pansi pake. Atatero iye ndi alamu anayamba kukangana za mchere ngati anadziwana kalekale.

Kuntchito ndinachedwa kachitatu. Za zimenezo ndidzakuuzani bwino, musade nkhawa, mlonda akuti pali khomo lina likufuna munthu.

Basi inyamuka Lachiwiri, ulendo ndi wa masiku atatu. Mukawalandire pamsewu ndi njinga ya katundu, asanyamule chikwama okha ngakhale alimbikire.

Ndine wanu wochititsa manyazi,
Bambo a mapasa


4 Meyi

Amake mapasa,

Moni nonse. Ndili bwino. Ndikulembera pabondo pano pokwerera basi. Kalatayi ndipatsira akondakitala, poti alamu angaitsegule.

Mukamawerenga ndiye kuti afika. Mankhwala ali m'thumba la mkati la jekete, kalata ya anamwino ili momwemo. Mawa lake mupite nawo kuchipatala, musawasiye apite okha. Agone chipinda chokhala ndi zenera. Akanyoza ndiwo zanu musakhumudwe, amatero ndi aliyense. M'chikwama muli majuzi awiri a mapasa, ndagula ofanana kuti asalimbirane.

Mkulu uja wakonza kamba wa masiku atatu. Msuzi anakana, akuti ungasase panjira. Anawotcha nsomba mpaka kuuma bwino, anawiritsa mazira, n'kumanga timaphukusi titatu. Pa kalikonse analemba nambala, kuti kamodzi patsiku. Anabwera nato yekha mpaka kuno atavala epuloni yake, anawapatsa alamu dzanja n'kubwerera kumphika wake.

Basi yachedwa, akuti akudikira katundu. Alamu akhala pawindo, mpando wachinayi. Pomwe ndimalemba za mankhwala ndinadzutsa mutu, ndinaona atsegula kale kaphukusi koyamba. Ndinagogoda pagalasi kuti dikirani, basi sinanyamuke n'komwe. Anangondikupizira dzanja, mkamwa muli tho. Pano ndadzutsanso mutu, kachiwiri kali pamwendo, akugawira mayi wina amene wakhala nawo pafupi.

Masiku atatu, amake mapasa, ndipo malire ndi awiri. Zogulitsa m'njira iwo sangazidye, mukuwadziwa. Nanga Lachinayi adya chiyani? Ndaona wogulitsa buledi kutsidya kwa msewu, koma injini yalira kale. Ndilekeze pano, ndithamange.

Wanu,
Bambo a mapasa